Lipoti: Kudzutsa ndi Kusamala Injini ya Gardner 6LXB ya Basi Yakale

Basi imene lipotili likunena ndi ya injini yakutsogolo, ya mtundu wa Gardner 6LXB, ndipo inaima zaka zingapo osalira pabwalo la nyumba ina ku Lunzu. Inadutsa m'manja mwa anthu ambiri isanafike kwa eni ake a pano, bambo wina wamalonda amene akufuna kuti izinyamula anthu a zinkhoswe, maukwati ndi maulendo a mpingo. Dandaulo lawo linali lalifupi: sitata ikutembenuza injini mwaulesi, kautsi kakutuluka, koma kulira ayi. Anyamata awo anali atayesa kale ndi mabatire obwereka pa lole, ndiponso ndi mankhwala a m'chitini aja amapopera mu paipi ya mpweya.

Ndalemba motsata ndondomeko imene ndinagwirira ntchitoyi, chifukwa injini yoti yagona nthawi yaitali imaonongeka kwambiri pa mphindi yoyamba imene munthu waithamangira ndi sitata. Ndikulembera makamaka amakaniko anzanga amene anaphunzira ntchito pa maminibasi ndipo Gardner sanaigwirepo.

Injini yake

Injinizi inkapanga ndi kampani ya L. Gardner and Sons ku Patricroft, kufupi ndi Manchester ku England. 6LX inatuluka mu 1958, ndipo 6LXB inatsatira mu 1966. Ili ndi masilinda 6 pa mzere umodzi, kukula kwake ndi malita 10.45, ndipo imapereka mahosipawa 180 ikamazungulira ka 1,850 pa mphindi. Ndi injini yoyenda mofatsa, yokoka kwambiri ikadali pansi, komanso yosadya dizilo wambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Amene anakwerapo basi za kampani ya United Transport Malawi (UTM), kapena za Stagecoach imene inagula UTM mu 1989, kulira kwa Gardner akukudziwa ngakhale dzina lake sanalimvepo. Basi zosanjikiza za Daimler zija zinachokera ku Hong Kong n'kumayenda mu Blantyre zinali ndi injini za Gardner, chimodzimodzinso za ERF zimene zinkanyamuka pa Wenela kupita m'maboma.

Pali zinthu zimene zimasiyanitsa injiniyi ndi zomwe tazolowera, ndipo nkhani yonse ya basiyi yagona pamenepo. Ilibe mapulagi otenthetsa. Dizilo amapopedwa mwachindunji pamwamba pa pisitoni n'kuyaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa basi. Pampu yake ya dizilo ili ndi zigawo ziwiri, chilichonse chodyetsa masilinda atatu, ndipo silinda iliyonse ili ndi kachogwirira kake pa pampupo. Mukakoka kachogwirirako mumapopa dizilo ndi dzanja mpaka ku nozo, kachitsulo kamene kamapopera dizilo mu silinda, ndipo mukakakolowetsa m'mbuyo silinda imeneyo imasiya kulandira dizilo. Chinanso, manozo pamodzi ndi nsonga za mapaipi ake ali mkati mwa zivindikiro za mavalavu, moti chikadontha kumeneko sichigwa pansi pooneka, chimatsikira mu sampu, mbale ya kunsi kwa injini imene mumakhala oyilo.

Manati ake ndi a miyeso ya mainchi. Sipanala ya mamilimita imagwira mongonamizira n'kudya makona a nati, ndipo pa injini iyi ndinapeza manati ambiri odyedwa motero.

Zimene ndinapeza ndisanakhudze batani la sitata

Choyamba ndinachotsa mabatire kuti wina asayesenso ine nditatembenuka. Kenako ndinasolola ndodo yoyezera oyilo. Oyilo anali pamwamba kupitirira mzere. Eni basi anasangalala nazo.

"Mwaona amisiri, oyilo ndi wodzaza bwino. Vuto ndi batire chabe."

"Bwana, oyilo sachuluka yekha. Ngati wakwera, chilipo chimene chalowamo, madzi kapena dizilo."

Ndinamasula pang'ono bawuti ya pansi pa sampu. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho akanakhalamo akanayamba ndi iwo kudontha. Sanatuluke madzi. Unatuluka oyilo wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka, akununkha dizilo. Ndinautaya wonse, ndikudziwa kuti pali malo amene dizilo ankalowera injini isanaimikidwe, ndipo malowo ndiyenera kuwapeza ndisanaipereke basi.

Nditachotsa zivindikiro ndinazula manozo onse, n'kuthira kaoyilo pang'ono mu silinda iliyonse kuti kalowerere m'maring'i. Manozo akachoka injini imatembenuka mopepuka ndi chitsulo cha m'manja, ndipo ngati muli madzi pamwamba pa pisitoni amatulukira pa bowo la nozo m'malo mopinda ndodo ya pisitoni. Ndinaitembenuza pang'onopang'ono, mnyamata wanga wothandiza akuyang'ana mavalavu. Valavu yotulutsa utsi ya silinda ya nambala 5 inkatsika koma pobwerera inkachedwa. Tinaithira palafini pa tsinde lake, kuigogoda mopepuka ndi nyundo ya mphira, mpaka inayamba kudumpha yokha. Valavu yotere ikakanirira pansi sitata ili pa liwiro, imagundana ndi pisitoni kapena kupinda kandodo kokankha.

Mu paipi ya mpweya munali chisa cha makoswe, ndipo mbale ya oyilo ya sefa ya mpweya inali matope okhaokha. Zimenezi tinatsuka.

Chimene chinkaletsa injini kulira chinali pa pampu. Muli kachitsulo kotsetsereka kamene amakaniko timati rack. Ndi kamene kamatembenuza timapisitoni ta mu pampu kuti dizilo achuluke kapena achepe, ndipo gavana amalamulira liwiro la injini kudzera mwa iko. Kayenera kuyenda ndi chala chimodzi. Apa sikankasuntha n'komwe. Dizilo wakale anali atauma n'kumata timapisitoni ta chigawo chakumbuyo, ndipo popeza munthu womaliza anazimitsa injini pokoka chingwe chozimitsira, rack inamatirira pafupi ndi pamene dizilo amatsekeka. Kautsi kamene anyamata ankaona kanali ka mankhwala awo aja.

Apa ndikufuna amakaniko anzanga amvetse. Basi iyi inapulumuka mwamwayi. Rack ija ikanamatirira mbali yotsegula, injini ikanalira n'kuthamanga popanda woiletsa, chifukwa gavana sakanatha kuibweza, chingwe chozimitsiranso sichikanathandiza. Injini ya malita 10 ikathawa choncho imadziphwanya, ndipo zitsulo zake zimatha kuvulaza anthu oima pafupi. Injini ya dizilo yogona, ya mtundu wina uliwonse wa pampu ya mzere, musaiyese musanaone kuti rack ikuyenda.

Pomasula sindinagwiritse nyundo. Ndinapachika chigubu cha dizilo woyera pamwamba, n'kulumikiza paipi molunjika ku pampu kuti thanki yakale isalowererepo. Ndinakoka tizogwirira tija kamodzikamodzi mobwerezabwereza, dizilo watsopano akusungunula zomata, uku ndikukankha rack ndi chala. Inayamba kugwedera, kenako inamasuka mpaka kumabwerera yokha. Ikanakana, ndikanachotsa pampu yonse n'kupita nayo kwa okonza mapampu, chifukwa timano ta rack tikapindika, masilinda sadzalandiranso dizilo wofanana.

Thanki, mapaipi ndi manozo

Pansi pa thanki panali madzi ndi zinyalala zakuda zoterera. Thanki ikakhala yosadzaza, mpweya wa mkati umachita thukuta usiku, madziwo n'kumatsikira pansi, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamamera tizilombo timene timapanga zoterera zija. Tinaitsitsa thanki, kuitsuka, kuiumika, n'kupemerera mapaipi onse ndi mpweya. Mafyuluta a dizilo tinaika atsopano. Mphira ya mu kapampu kokwezera dizilo inali itauma n'kuyamba kung'aluka, nayonso tinasintha.

Nditabwezera zonse ndinaika kapaipi koonekera mkati pakati pa kapampu ndi fyuluta. Tinthovu tinkadutsabe. Paipi yokoka dizilo ku thanki ikakhala ndi kampata, sikudontha dizilo ayi, kumalowa mpweya, n'chifukwa chake vuto limeneli limazunza anthu: mumabulida (kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo) lero, mawa injini yakananso. Kampatako kanali pa nati ya pamwamba pa thanki, imene wina anaikulunga ndi ulusi m'malo mosintha kamphete kake.

Manozo ndinawayesera pa injini pomwepo. Mumalumikiza nozo ku paipi yake ili panja, n'kukoka kachogwirira mwamphamvu. Nozo yabwino imalira n'kutulutsa nkhungu yofanana pa timabowo take tonse, kenako imadula osasiya dontho. Dzanja lisayandikire nkhunguyo, chifukwa dizilo wopanikizidwa amaboola khungu, ndipo bala lake looneka laling'ono limatha kudulitsa chala. Anayi anali bwino atatsukidwa. Awiri ankadontha, ndipo ndinawatumiza kwa okonza mapampu pamodzi ndi tsamba la buku la Gardner, kuti asawaike pa muyezo wa manozo a injini zina.

Ulesi wa sitata sunali wa sitatayo. Basiyi imagwiritsa ntchito mavolti 24, mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa motsatana. Waya wopita ku chasisi unali wobiriwira ndi dzimbiri mkati mwa chikopa chake, moti mphamvu inkathera pamenepo n'kumangotenthetsa wayayo. Titaika waya watsopano wonenepa ndi kupala polumikizira ponse, sitata inasintha mawu. Izi n'zofunika pa injini yopanda mapulagi otenthetsa, chifukwa ikatembenuka pang'onopang'ono kutentha kwa mpweya kumathawira m'zitsulo dizilo asanayake.

Kuliza

Titathira oyilo watsopano ndi fyuluta yake, ndinatembenuza injini ndi sitata manozo asanabwerere, mwa apo ndi apo kuti sitata isapse, mpaka muvi wa geji ya oyilo unadzuka ndipo oyilo anaoneka pamwamba pa mavalavu. Mabeyaling'i oti auma zaka sayenera kulandira moto woyamba ali ouma.

Kenako, manozo awiri aja atabwerako kokonzedwa, tinabwezera manozo onse, kubulida fyuluta ndi zigawo zonse ziwiri za pampu mpaka dizilo atatuluka wopanda thovu, n'kukoka kachogwirira kalikonse mpaka katayamba kulimba m'dzanja. Kulimbako ndiye chizindikiro chakuti paipi yadzaza kufikira ku nozo. Mukapitiriza kukoka pamenepo mukungothira dizilo mu silinda pachabe.

Mnyamata wanga ndinamuika pa chingwe chozimitsira. Ine ndinagwira thabwa lophwatalala pafupi ndi pakamwa pa paipi ya mpweya, loti ndikaliphimba injini isowe mpweya. Thabwa, osati chikhatho kapena chisanza, chifukwa chisanza imachimeza. Kunsi kwa mutu wakutsogolo wa pampu kuli kabatani kokankhira m'mwamba, kamene kamalola rack kupitirira malire ake kuti injini yozizira ilandire dizilo wochuluka, ndipo kamabwerera kokha injini ikangolira. Tinakakankha, dalaivala n'kuponda ekiseleta pang'ono, n'kudina batani.

Inagwira masilinda angapo kaye, ikunjenjemera, kenako onse analowamo. Bwalo lonse linadzaza utsi woyera, ndipo ana a m'mudzimo anathamangira kudzaona. Eni basi anada nkhawa ndi utsiwo. Ndinawauza kuti Gardner yozizira imatero, makamaka m'mawa wa June ndi July kukakhala chiperoni. Ndi dizilo amene sanapse bwino chifukwa zitsulo sizinatenthe, kuphatikizapo oyilo amene tinathira m'masilinda. Utsi woyera umene umandidetsa nkhawa ndi wosatha injini itatentha. Wabuluu umatanthauza kuti ikudya oyilo, wakuda ndiye kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa.

Mankhwala a m'chitini aja sindiwalola pa injini iyi. Amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, amathyola maring'i, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amabisa vuto lenileni. Gardner yoti ili ndi dizilo woyera, yopanda mpweya m'mapaipi, ndi mabatire abwino imalira yokha mosavuta.

Kumene dizilo ankalowera mu oyilo

Injini itatentha inkalira pa silo (popanda kuponda ekiseleta), pafupifupi ka 420 pa mphindi monga mmene buku limanenera, koma khutu linkamva kuti penapake ikutsimphina. Apa m'pamene tizogwirira tija timathandiza kuposa makina oyezera. Ndinazimitsa silinda imodziimodzi. Iliyonse ndikaichotsa injini inkatsika mawu n'kugwedezeka, kupatula ya nambala 4, imene inangosintha pang'ono.

Ndinachotsa chivindikiro chakumbuyo injini ikulira, n'kupukuta paipi ya nozo imeneyo. Pafupi ndi nati, mkati mwenimweni mosaoneka chivindikiro chikatsekedwa, panayamba kunyowa, kenako kadontho, kenako kena. Paipiyo inali itawotchereredwa kale ndi mkuwa ndi munthu wina, ndipo inang'alukanso m'mphepete mwa chowotchereracho. Ikazizira mng'aluwo unkatsekeka, n'chifukwa chake poyesa ndi dzanja sunaonekere. Ikatentha unkatseguka, silinda n'kumalandira dizilo wochepa, wotsalayo n'kumatsikira mu sampu.

Ndikukhulupirira kuti ichi ndi chimene chinaimitsa basiyi poyambapo. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo amapyapyala, geji imatsika injini ikatentha, ndipo dalaivala woopa kunoketsa injini amaiimika. Akanapitiriza, mabeyaling'i akanatha. Paipi ya nozo siwotcherera. Imalandira kugunda kwa pampu maulendo mazanamazana pa mphindi, ndipo zonyenyeka za mkati mwa chowotcherera zimakatseka timabowo ta nozo. Tinapeza paipi yabwino pa injini ina yakufa ya mtundu womwewo, yofanana kutalika ndi kupindika kwake. Titaiika, kutsimphina kunatha. Oyilo tinautayanso injini ikadali yotentha, kuti atuluke ndi zinyalala zimene anasungunula, n'kuthira wina.

Madzi, mavalavu ndi tcheni

Thermostat, kavalavu kamene kamaletsa madzi kupita ku ladiyeta mpaka injini itatentha, munalibe. Chizolowezi chochotsa thermostat chafala kwambiri m'magalaja athu, ati chifukwa kuno n'kotentha. Pa Gardner n'kulakwitsa, chifukwa injiniyi mwachibadwa imachedwa kutentha. Ikamayenda yozizira dizilo sapsa bwino, amatsuka oyilo m'makoma a silinda, ndipo utsi woyera suchoka. Injini ikamawira, vuto limakhala ladiyeta yotsekeka, lamba wolefuka kapena pampu ya madzi, ndipo apa ladiyeta inalidi yotsekeka ndi miyala ya madzi a pa mjigo. Inakatsukidwa, tinasintha mapaipi a mphira onse, tinaikanso magasiketi pa tizitseko ta madzi ta m'mbali mwa buloko timene tinkanyowa, n'kubwezera thermostat. Injiniyi ili ndi zigawo za aluminiyamu ndi za chitsulo, choncho madzi ake afunika mankhwala oletsa dzimbiri chaka chonse.

Mipata ya mavalavu ndinaiyeza injini itazizira, motsata buku, ndikuyenda ndi dongosolo la kuyaka kwa masilinda la 1, 5, 3, 6, 2, 4. Tcheni ya kutsogolo imene imayendetsa mavalavu ndi pampu inali yolefuka. Ndinaikunga, koma chokungira chatsala pang'ono kufika pamapeto pake.

Kuyesa pa msewu

Nditaonetsetsa kuti mathanki a mpweya akudzaza ndi kusunga mpweya, ndipo mabuleki akugwira mbali zonse, tinaiyendetsa yopanda anthu pa msewu wa M1 kudutsa pa Lirangwe mpaka ku Zalewa. Pobwerera ndi pamene injini inayesedwa, chifukwa kuchokera ku Shire msewu umakwera, ndipo kumeneko n'kotentha. Madzi sanawire. Geji ya oyilo inakhala pa mapaundi 35 (psi) injini ili yotentha, ikuzungulira ka 1,000 pa mphindi, umene ndi muyezo wa buku. Utsi unayera mpaka kusaoneka, kupatula kakuda pang'ono posintha giya pa chitunda.

Eni basi anakhala mpando wakutsogolo, ndipo maminibasi atatidutsa anandifunsa kuti, "Amisiri, simungaitsegule pampu pang'ono kuti izithamangako?"

Ndinakana, ndipo ndilemba pano chifukwa chake, poti ndikudziwa kuti adzapezeka wina wovomera. Pisitoni ya injini iyi imayenda mainchi 6 kukwera ndi kutsika, ulendo wautali, ndipo inapangidwa kuti izikoka mwamphamvu ili pa liwiro lotsika. Kukweza malire a gavana kapena kuwonjezera dizilo kumangobweretsa utsi wakuda, kutentha ndi kutha msanga kwa zitsulo zimene m'dziko muno simuzipeza m'sitolo. Kabatani ka dizilo wochuluka kaja nakonso si kokwerera mapiri. Ndinamuchenjeza dalaivala kuti asadzakamangirire ndi waya.

Malangizo amene ndinasiyira dalaivala

M'mawa uliwonse asanalize ayeze oyilo basi ili pamalo osapendekeka, ndipo asamangoona ngati watsika, aziona ngati wakwera, n'kumanunkhiza ndodoyo. Akangoliza maso akhale pa geji ya oyilo. Muvi ukapanda kudzuka m'masekondi ochepa azimitse pomwepo. Asaipondereze ili yozizira, komanso asaisiye ikulira pa silo kwa nthawi yaitali akudikira anthu, chifukwa Gardner imatenthedwa ndi ntchito. Mpweya ukangodzaza m'mathanki anyamuke mofatsa. Akafika kuchokera pa ulendo wa zitunda aisiye ilire pang'ono asanazimitse.

Popeza basiyi izigwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu kwambiri, mdani wake wamkulu ndi kukhala. Sabata imene kulibe ulendo aziitulutsa ndithu pa msewu mpaka itenthe bwinobwino. Kuiliza pabwalo kwa kanthawi n'kuizimitsa kumangosiya chinyezi mu oyilo ndi mu ekizozi. Thanki azidzaza madzulo. Madzi a pansi pa fyuluta ya dizilo azikhetsa sabata iliyonse, a m'mathanki a mpweya tsiku lililonse la ulendo. Dizilo azithira pa filing'i siteshoni. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu sumadziwa chimene wasakanizidwa nacho, ndipo palafini alibe kuterera kumene timapisitoni ta mu pampu timadalira. Oyilo asinthidwe potsata miyezi, osati makilomita okha, popeza basi yoyenda pang'ono imatha chaka isanakwanitse makilomita a m'buku. Nthawi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, mbale ya sefa ya mpweya azitsegula pafupipafupi. Ndinawauza kuti agule kope loti azilembamo oyilo aliyense wothiridwa ndi dizilo aliyense wogulidwa, kuti kusintha kukayamba kuonekere pa pepala.

Zimene zatsala

Injini ikulira bwino, koma basi sinathe. Tcheni ya kutsogolo ifunika yatsopano pamodzi ndi kuona mano amene imayendapo. Kampani ya Gardner inagulidwa ndi Hawker Siddeley mu 1977, kenako ndi Perkins mu 1986, ndipo injinizi zinasiya kupangidwa m'zaka za m'ma 1990, koma zipangizo zikupezekabe ku Britain kwa amalonda amene amasamala injini za m'maboti ndi basi zakale. Ndawapatsa eni basi nambala ya injini kuti aitanitse tcheni, magasiketi, mphira ina ya kapampu ndi mapaipi a manozo onse 6, chifukwa enawo ndi a msinkhu womwewo ndi ija inang'aluka. Matayala akuoneka ndi mano koma ali ndi ming'alu m'mbali, ndipo onse ayenera kuchoka basi isananyamule munthu kapena kupita kukayezedwa. Tcheni isanasinthidwe, ndawauza kuti maulendo akhale a pafupi, a Blantyre, Zomba ndi Thyolo, ndipo ulendo wa mpingo wa ku nyanja umene anali atalonjeza kale aupezere basi ina.